Boti lathu likuoneka pa mapu koma maboti ena ziii, ndigule dongle ina?

Uthenga uwu wachokera kwa m'bale wathu wina wa ku Dzivarasekwa ku Harare, nkhani yake ndi ya AIS, njira imene maboti amadzilengezera pa wailesi kuti azioneka pa mapu a anzawo, ndangoufupikitsa pang'ono:

"Akulu moni. Ine ndimakonza mafoni ndi ma laptop mu town muno. Malume anga amayendetsa boti la injini ku Kariba, lotengera alendo kokawedza tiger, nde anandipempha ndiwapangire kachipangizo koonetsa mapu poti zogulazo mtengo wake ndi wosayamba. Ndinapeza Raspberry Pi 4, GPS ya USB, ka dongle ka RTL-SDR kabuluu kotchipa kaja ndi ka eriyo kake komwe, ndikuikamo OpenPlotter. GPS ikugwira bwinobwino, boti lathu likuoneka pa OpenCPN. Koma AIS ziii. Ndayesa kunyumba palibe, ndapita nako ku Chivero tsiku lonse palibe. Ku Kariba tinaonako boti limodzi masana tili pa doko la Andora, la mnzawo wa malume amene ali ndi transponder, koma kutada titayatsa nyali linasowa pa sikirini chonsecho tikuliona ndi maso lili pompo. Pa foni ndikatsegula MarineTraffic sitima zili mbwee ku Beira ndi Durban, bwanji kanga sikakuziona? December ikubwerayi abwana a malume akufuna kukoka botili kupita nalo ku Inhassoro ku Mozambique ndipo onse akudalira ine. Ndigule dongle ina kapena ndingozisiya?"

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye, ndipo musazisiye ayi. Mu uthenga wanu wonsewu nkhani yabwino ndi ya boti limodzi lija munaliona pa Andora. Kuti boti lionekere pa OpenCPN, pulogalamu ya mapu ija, ngakhale mphindi imodzi yokha ndiye kuti eriyo inagwira, dongle (ka wailesi ka USB kongomvera kaja) inamva, pulogalamu yomasulira inamasulira, uthenga unadutsa mu Signal K, pulogalamu yogawa mauthenga mu Pi, mpaka kukafika pa mapu, zonsezo zinayenda limodzi tsiku limenelo. Ambiri amene amandibweretsera timabokosi totere amakhala sanaonepo ngakhale kadontho. Kanuko ndi kamoyo, kangokhala kogontha pang'ono, komanso malo awiri oyamba amene munakayeserako kunalibe choti kamve.

Tiyambe ndi zimenezo. AIS si radar. Radar imaona zinthu zimene zili pamadzi ngakhale zitakhala chete, pomwe AIS imangomvera maboti amene akudzilengeza okha, amene ali ndi transponder yotumiza dzina, malo ndi liwiro pa VHF, pa matchanelo awiri, 161.975 MHz ndi 162.025 MHz. Zili ngati pa Mbare Musika, basi imene kondakitala wake akukuwa kuti Mutare Mutare mumaidziwa musanaione, koma imene yangoima chete khutu lanu silingakuuzeni kuti ilipo, ndipo sikuti khutulo lafa. Amene amakakamizidwa kukuwa ndi sitima zikuluzikulu. Pangano la SOLAS linalamula kuti pofika kumapeto kwa 2004 sitima za matani 300 kupita m'mwamba zoyenda maulendo a pakati pa mayiko, komanso sitima zonyamula anthu, zikhale ndi AIS, ndipo limenelo ndi lamulo la panyanja zamchere. Ku Chivero kuli chani, mabwato opalasa a asodzi, ma speedboat a pa weekend, timaboti ta matanga, ine pa zaka zonse ndakhala ndikugwira mawailesi a m'maboti sindinakumaneko ndi transponder kumeneko. Ku Kariba nakonso ma houseboat ambiri ndi ma rig a kapenta alibe, amene ali nayo ndi apo ndi apo, eni ake anangoikonda okha. Nde sikirini yopanda kanthu ku Chivero ndi ku Dzivarasekwa ikunena zoona zokhazokha.

Za pa foni zija ndi nkhani ina. MarineTraffic ndi anzake monga VesselFinder amasonkhanitsa mauthenga kuchokera ku ma receiver ambirimbiri amene anthu anaika m'mbali mwa nyanja, ena amachokera ku ma satellite, kenako amakutumizirani pa intaneti. Foni yanu siimva sitima ngakhale imodzi, imangowerenga zimene ena amva. Kabokosi kanu kamadalira eriyo yake yokha, ndipo VHF imayenda molunjika, sipinda phiri, sitsatira kupindika kwa dziko kupitirira pang'ono chabe. Kuwerengera kwake ndi kophweka: tengani square root ya kutalika kwa eriyo yanu m'mamita, muphatikize ndi square root ya kutalika kwa eriyo ya winayo, muchulukitse ndi 4.1, zimene zituluke ndi makilomita. Eriyo yanu ikakhala mamita 2.5 pamwamba pa madzi, ya mnzawo wa malume mamita 4, ndiye mwina makilomita 15 zinthu zitayenda bwino kwambiri. Sitima yaikulu ya eriyo ya mamita 36 mungaimve pa makilomita 30 ndi pang'ono. Beira ili makilomita oposa 400 molunjika kuchokera ku Harare, pakati pali mapiri a ku Mutare, nde iwalani, ngakhale mutagula dongle ya golide. Ndiponso transponder ya maboti ang'onoang'ono, ya Class B, imatumiza ndi ma watt 2 okha, ina yatsopanoko 5, pomwe ya sitima, Class A, ndi 12.5, choncho boti la mnzawolo likangolowa kuseri kwa chilumba kapena mu Sanyati Gorge basi lasowa, palibe chodabwitsa.

Tsopano boti losowa madzulo lija, apa mpamene pali ntchito yeniyeni ndipo ndikhalapo nthawi. Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi auzeni malume afunse mnzawoyo funso limodzi: kukada transponder imakhala yoyaka? Anthu ambiri akamangirira boti amazimitsa switch yaikulu ya batire, zonse n'kuzima. Komanso ma transponder ambiri ali ndi ka batani koletsa kutumiza, amati silent mode, ndipo asodzi amakakonda kwambiri poti safuna anzawo adziwe pamene akupha nsomba, kkk. Ngati anazimitsa ndiye kuti nyali zanu mukungozinamizira.

Akati inali yoyaka, chachiwiri ndi nthawi. Class B ikamayenda imatumiza pafupifupi masekondi 30 aliwonse, koma ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono osafika ma knot 2 imatumiza kamodzi pa mphindi 3. Dzina la boti limabwera mu uthenga wina, pa mphindi 6 zilizonse, n'chifukwa chake poyamba mumangoona nambala ya MMSI, yodziwira boti pa wailesi, ndi kachizindikiro kachikasu, dzina limabwera pambuyo. Uthenga uliwonse ndi kanthu kakafupi zedi, sikafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi. Nde taganizani, boti laima, likulankhula kamodzi pa mphindi 3, kabokosi kanu kogontha kaphonya mauthenga awiri atatu otsatizana, ndi mphindi 9 zimenezo, OpenCPN imaliika ngati lotayika kenako n'kulichotsa pa mapu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, poyesa AIS ya boti loima muzikhala osachepera mphindi 15 musanaweruze. Tsegulaninso Options, Ships, AIS Targets muone ma setting atatu: mphindi zoti boti liyesedwe lotayika, mphindi zoti lichotsedwe, ndi kabokosi kobisa maboti amene ali pa nangula kapena omangiriridwa. Kabokosi kameneko kakakhala kochongedwa, boti limaoneka likamayenda masana, likangofika pa doko n'kuima limazimiririka, ndendende zimene mwafotokozazi.

Koma ine mtima wanga uli pa nyali. Nyali za LED zotchipa, ma floodlight a 12V aja ndi timizere tomata tija, mkati mwake muli ka driver kamene kamadula magetsi kambirimbiri pa sekondi, ndipo kakakhala kopanda sefa kamamwaza phokoso pa VHF yonse, mawaya a nyaliyo n'kusanduka eriyo yofalitsira phokosolo m'boti monse. Si nkhani ya kuno kokha, a US Coast Guard anatulutsa chenjezo mu 2018 pa nkhani yomweyi, kuti ma LED akugonthetsa mawailesi a VHF ndi AIS m'sitima. Njira yoyesera siifuna chida chodula. Ngati m'boti muli wailesi ya VHF, zimitsani nyali zonse, ikani pa tchanelo chimene palibe akulankhula, tembenuzani squelch, kotsekera phokoso kaja, mpaka imveke shiii, mubwezeko pang'ono pokha mpaka ingokhala chete, kenako yatsani nyali imodzi imodzi. Imene ibweretse shiii ija ndi imeneyo. Poti inu ndinu wa ma laptop mutha kuziona ndi maso: lumikizani dongle ku laptop, tsegulani SDR++ kapena GQRX, mapulogalamu oonetsa siginolo pa sikirini, pa 162.000 MHz, matchanelo awiri aja akhala 25 kHz uku ndi uku, uthenga wa AIS umaoneka ngati kakadontho kothwanima kamodzi n'kuzima. Yang'anani mzere wa phokoso wa pansi uja wina akamayatsa zinthu. Ndinaonapo boti lina pamene floodlight imodzi yokha ya kumbuyo inkakweza mzere umenewo moti ngakhale wailesi ya m'manja ya munthu woima pa doko pomwepo inkamveka mokanda, mwini wake anali atasintha kale eriyo ndi kebulo yomwe osaona kusintha. Osati nyali zokha, yesaninso chaja ya foni yolowetsa pa socket ya ndudu, inveta, ka controller ka sola, fridge ya 12V, fish finder, ngakhale ka converter kamene kakudyetsa Pi yanuyo, kameneko nthawi zambiri ndi kamene kamakhala pafupi kwambiri ndi dongle. Mukapeza wolakwa, chabwino ndi kusintha nyaliyo ndi ina yabwinoko. Apo ayi pezani ma ferrite, timigolo takuda tija timakhala pa makebulo akale a VGA ndi machaja a laptop, ogwira ntchito ngati yanu amakhala nato tambiri mu dilowa, kulungani waya wa nyali kawiri katatu pafupi ndi nyaliyo, mawaya awiriwo muwapote pamodzi, ndipo kebulo ya eriyo isayende mtolo umodzi ndi mawaya a nyali.

Nyali zingathenso kupha AIS mwa njira ina, magetsi kutsika. Masana injini ikuyenda batire lili pa 14V, madzulo injini yazima, nyali zayaka, fridge ikukoka, ka adapter kotchipa ndi kebulo ya USB yoonda sizikufikitsanso 5V ku Pi. Pi 4 imafuna 5.1V ndi ma amp 3, dongle yokha imadya pafupifupi 300 mA. Magetsi akagwa kwa kanthawi kochepa dongle imachoka pa USB n'kubweranso, GPS nayo imabwerera yokha osavuta, koma pulogalamu yomasulira AIS nthawi zambiri imafa pomwepo osadzukanso mpaka mutaiyambitsanso, nde inu mumaona boti lanu lili bwinobwino pa mapu n'kumaganiza zonse zili bho. Lembani vcgencmd get_throttled mu terminal nyali zitayaka. Ikayankha throttled=0x0 magetsi ali bwino, ikati 0x50000 ndiye kuti anagwapo chiyatsireni Pi, ikati 0x50005 akugwa panopa. Kenako dmesg, mufufuze mawu oti USB disconnect. Mankhwala ake ndi converter yabwino ya 12V kupita 5V yokwanitsa ma amp 3 kapena kuposa, waya wokhuthala komanso wamfupi, wochokera ku batire kudzera pa fyuzi yakeyake, osati kulumikiza pa waya wa nyali chifukwa ndi umene unali pafupi.

Tibwere pa eriyo, apa ndiye sindikunyengererani, ka eriyo kamene kanabwera ndi dongle kaja kachotseni. Kanapangidwira TV ya UHF, n'kakafupi kwambiri, kanamva boti la pa Andora chifukwa linali pamphuno penipeni. Pa 162 MHz kota ya wave ndi masentimita 46. Pezani socket ya SO-239 ya makona anayi ija, waya wa kopa wa 2.5 wa mawayaring'i a m'nyumba kapena ndodo yowotcherera ya brass, chidutswa chimodzi cha masentimita 45 mpaka 46 muchiwotcherere pakati chiime chilili, zina zinayi zotalika chimodzimodzi mumange m'mabowo a m'makona zipendekere pansi. Zinayizo musazinyoze, boti la fibreglass lilibe chitsulo choti eriyo itsamire nde zimagwira ntchito imeneyo. Iime chilili osati chogona, ikhale pamwamba momwe mungathere, isakhale yokhudzana ndi mapaipi a denga la boti. Eriyo yogula ya marine VHF nayonso imagwira bwino ngakhale inapangidwira 156 MHz. Chimene ndikuletsani ndi kulumikiza dongle pa eriyo imodzi ndi wailesi ya VHF ndi ka T kaja, wailesiyo imatulutsa ma watt 25, malume akangodina kulankhula kamodzi dongle yapsa. Pamafunika splitter yopangidwira AIS, kapena eriyo ziwiri zotalikirana kuposa mita imodzi, ndipo zimakhala bwino ina ikakhala pamwamba ina pansi.

Kebulo ikhale yaifupi. RG-58 imataya pafupifupi 2 dB pa mamita 10 alionse pa frequency imeneyi, pa boti laling'ono si vuto. Ya dish ya DStv ndi ya 75 ohm osati 50, koma pongomvera chabe imagwira ndithu, ine sindiikana, vuto lake ndi loti zambiri mkati ndi chitsulo chokutidwa kopa ndipo ku madzi amchere zimachita dzimbiri msanga. Sendani kumapeto muone ulusi wa kunja uja, ukakhala wakuda kapena wobiriwira ndiye kuti madzi analowa, itayeni yonse. Mukamayeza ndi multimeter dziwani kuti ma eriyo ena ogula amaonetsa short pakati pa pini ndi kunja mwadala, anapangidwa choncho, nde chotsani kaye eriyo muyeze kebulo payokha.

Dongle yabuluuyo ili ndi matenda ake amodzi odziwika, siilunjika frequency. Crystal yake ndi yotchipa, imatha kuphonya ndi ma ppm makumi angapo (ppm ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni), ndipo pa 162 MHz ppm imodzi ndi 162 Hz, nde ikaphonya ndi 60 ppm mwasochera pafupifupi 10 kHz pa tchanelo cha 25 kHz. Boti lapafupi limadutsabe, lakutali ayi. Choipa china kuphonyako kumasintha ndi kutentha, dongle yotentha ndi dzuwa la Kariba la October si yomweyo ya usiku mphepo ikuwomba, mwinanso izi zinathandizira kusowa kuja. Iyatseni itenthe kaye, muyendetse rtl_test -p kwa mphindi 10 kapena kuposa mpaka nambala ikhazikike, kapena kalibrate-rtl imene imayeza pogwiritsa ma tower a GSM, amenewo ku Harare ndi osasowa, nambala imeneyo muiike mu pulogalamu ya SDR ya OpenPlotter. Ngati pulogalamu yomasulira imene mukugwiritsa ndi rtl_ais yesaniko AIS-catcher, imamva mauthenga ofooka bwino ndipo imapirira kuphonya kwa frequency. Gain, yokulitsira siginolo ija, musaikweze mpaka kumapeto pa 49.6 poganiza kuti kukweza ndiye kumva, makamaka mu town muno momwe mawailesi a FM a 88 mpaka 108 MHz ndi amphamvu moti amadzaza dongle yonse, yambirani cha m'ma 30 muzikwera pang'onopang'ono. Muiikenso pa kebulo ya USB yowonjezera italikirane ndi Pi ndi sikirini. Zonsezi zikachitika mukadzafunabe kugula, gulani ya TCXO, ya crystal yosasinthasintha ndi kutentha, monga RTL-SDR Blog V3 kapena V4, imene imaphonya 1 ppm yokha, koma V4 imafuna ma driver atsopano, pa akale imaoneka ngati ikugwira koma osamva kanthu. Kapena dAISy, ka receiver kopangidwira AIS yokha, kamadya magetsi ochepa ndipo sikavutitsa Pi. Chokumbukira pa iko ndi liwiro, AIS imalankhula pa 38400 baud pomwe NMEA (chilankhulo cha zida za m'boti) ya GPS yakale ndi 4800, mukasokoneza mumangoona zilembo zopanda mutu.

Za mapulogalamu ndidutsa mwachangu poti zinagwirapo kale, koma zimatha kusokonekera mukapanga update. Lamulo lake ndi kutsatira mizere. Uthenga wa AIS womasuliridwa umayamba ndi !AIVDM, kenako manambala, chilembo A kapena B kusonyeza tchanelo, kenako zilembo zosakanikirana, kumathera ndi nyenyezi ndi zilembo ziwiri. Yang'anani ngati mizere imeneyi ikutuluka mu pulogalamu yomasulira, ngati ikulowa mu Signal K pa dashboard ya pa port 3000, ngati ikufika mu OpenCPN pa windo la NMEA debug la mu Connections. Pamene yathera ndi pamene pali vuto. rtl_test ikanena usb_claim_interface error -6 ndiye kuti dongle yagwidwa ndi wina, kaya driver ya TV yotchedwa dvb_usb_rtl28xxu imene imafunika kuiika pa blacklist, kaya mwasiya GQRX yotsegula, poti dongle imatumikira pulogalamu imodzi basi pa nthawi. Port 10110 nayo imakanganitsa, mapulogalamu awiri akamafuna kumvera UDP pa port yomweyo mmodzi amatsala. Ndipo muone ngati pa connection simunaike filter yolola RMC ndi GGA zokha, mizere ya GPS, ambiri amaika pokonza GPS n'kuiwala, VDM, mizere ya AIS ija, n'kumakanizidwa pakhomo.

Nanga muyesa bwanji muli ku Harare kopanda sitima? Mbali ya mapu ndi yosavuta, pa intaneti pali mafayilo a NMEA ojambulidwa kale, muwaseweretse ndi plugin ya VDR mu OpenCPN kapena mutumize mizere ingapo ku UDP 10110 ndi netcat. Musayang'ane pa mapu a Kariba, maboti ake akakhala ku madoko a ku America kapena ku Ulaya kumene anajambulidwa, tsegulani AIS target list ndi mmene muwaone, ndipo ngati munaika malire a mtunda pa list imeneyo muwachotse kaye. Mbali ya eriyo, mverani ndege pa 118 mpaka 137 MHz pa AM, zimene zikutera ndi kunyamuka pa Robert Gabriel Mugabe zimamveka bwino ndi eriyo ya masentimita 46 ija, musinthanitse ndi ka eriyo kakale mumve kusiyana kwake. Chitirani kunyumba kwanu, osakaima ndi eriyo ndi laptop pafupi ndi mpanda wa airport, mungakafotokoze zambiri kwa anthu osafuna kumva za AIS. Kuyesa kwenikweni ndi ku Kariba basi. Panganani ndi mnzawo wa malume ayatse transponder aziyenda kulowera pakati pa nyanja, inu mukhale pa boti lanu kapena mukwere ku Kariba Heights komwe nyanja yonse ili pansi panu, muzilemba mtunda umene wasowera, kenako mubwereze nyali zitayaka. Ndipo jambulani siginolo yosamasulira ndi rtl_sdr pa 162000000, sample rate 1536000, imadya pafupifupi 3 MB pa sekondi nde mphindi 10 ndi pafupifupi 2 GB, AIS-catcher imatha kuwerenga fayilo imeneyo, mukabwera nayo kuno mutha kumaseweretsa ma setting usiku wonse osawononganso ya basi ya ku Makuti. Chimodzi chokha, musayerekeze kupanga siginolo yanuyanu ya AIS ndi HackRF kapena wailesi ina kuti muyesere, ndi matchanelo a chitetezo amenewo ndipo ndi mlandu.

Za Inhassoro ndi zimene zikundidetsa nkhawa kuposa dongle, makamaka mawu oti onse akudalira inu. Kabokosi kanu kamangomva, sikalankhula. Inu mudzaona sitima ikubwera koma sitimayo sidzakuonani pa AIS yake, izi abwanawo muwauze momveka asananyamuke, poti anthu akaona timaboti pa sikirini amayesa nawonso akuoneka. Ndiponso zimene mungagundane nazo pakati pa Inhassoro ndi Bazaruto si sitima zikuluzikulu kwenikweni, ndi madau a matanga a asodzi, maukonde, ndi milu ya mchenga imene imabisika ndi kuonekera madzi akamakwera ndi kutsika, zonsezo zilibe AIS, chimodzimodzi zitsa za mitengo ya mopane ndi mvuu ku Kariba. Phindu lake lidzaoneka akatuluka kunja kwa zilumba kumene kumadutsa sitima zopita ku Beira ndi Maputo, ndipo mukadzaona MMSI yoyamba ndi 650 ndi ya Mozambique, 601 ya South Africa, za kuno ku Zimbabwe zimayamba ndi 679, za kumudzi ku Malawi 655. Ngati abwanawo akufuna kuti azioneka, agule transponder ya Class B yovomerezeka, afunse ku POTRAZ, bungwe loyang'anira mawailesi ku Zimbabwe, za laisensi ya wailesi ya m'boti ndi MMSI, poti transponder yopanda MMSI siitumiza n'komwe, ndipo ayambe pano osati sabata yonyamukira. Imeneyo ikabwera dongle siifunikanso, transponder yomweyo imapereka mizere ya !AIVDM ku Pi yanu kudzera pa USB.

Pamenepo mpamene ndinganene kuti pezani munthu wa mawailesi. Eriyo yongomvera mutha kupanga nokha, koma yotumizira iyezedwe SWR (kuona ngati mphamvu ikutuluka kapena ikubwerera) ndi munthu amene ali ndi mita yake kapena NanoVNA, ndipo kebulo ikhale ya 50 ohm, ya DStv ija apa ayi. Mupitenso kwa wa magetsi a maboti kapena a galimoto ngati phokoso likubwera injini ikayaka ndipo likukwera ndi mafuta, chimenecho ndi alternator kapena ma plug, komanso ngati batire likugwa pansi pa 12V nyali zitangoyaka kanthawi kochepa, kapena waya wina akutentha mukamugwira, boti la petulo si malo oyeserera zimenezo. Pi yomweyo ikaikidwe mu bokosi lotseka bwino poti mpweya wamchere umadya ma board, mutenge SD card yachiwiri yokopera zonse chifukwa malume akadzazimitsa switch yaikulu Pi isanatseke card imatha kuwonongeka, ndipo m'boti mukhale foni kapena tablet ya mapu osafuna netiweki, kampasi, ndi VHF yogwira pa tchanelo 16, choitanira thandizo pangozi.

Sabata ino pangani eriyo ija ndi kuyeza ppm, zonsezo ndi za kunyumba. Mukapita ku Kariba munditumizire yankho la get_throttled nyali zitayaka injini itazima, zithunzi ziwiri za SDR++ pa 162 MHz, china nyali zozima china zoyaka, ndi chithunzi cha pamene mwamanga eriyo chooneka ndi njira imene kebulo yadutsa.